Majaua Sakutimva

Ntchito ya mawailesi ndinaiphunzira kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya kwa Ruo, kwa mkulu wina amene ankakonza mawailesi a ovaova a m'malole obweretsa chimanga. Mtendere utabwera tinawoloka pa Muloza akatundu ali pamutu, ine m'chikwama muli mita yoyezera magetsi, kachitsulo kowotcherera mawaya, ndi matama ochuluka kuposa nzeru. A mishoni atamva kuti pabwera wodziwa mawaya, anandipatsa ntchito yosamala mawailesi a chipatala chawo chapavila, kunena patauni pathu, ndi timapositu take, tizipatala ting'onoting'ono takumidzi.

Wailesi ya ovaova payokha siponya mawu patali, makamaka kwathu kuno kwa mapiri. Ndiye pamtunda pa Tumbine anamangapo kanyumba ka njerwa n'kuikamo repetidoro, makina amene amatola mawu a wailesi imodzi n'kuwaponyanso mwamphamvu kuti ena onse amve. Mphamvu yoponyerayo imachokera m'kabokosi kotchedwa ampulifaya, ndipo kathu kankayenera kutulutsa mawati makumi asanu. Magetsi ake ankachokera m'mabatire, mabatirewo n'kumadzazidwa ndi masola amene anakhomedwa pathandala lachitsulo panja. Zinthu zake ndi zomwezo basi, koma zinandizunguza mutu chilimwe chonse.

Matenda ake anali otere. A kupositu ya ku Majaua akaitana, ife pavila tinkawamva bwinobwino. Ife tikayankha, iwo sankamva kanthu, phokoso lokhalokha. Azamba a kumeneko ankakuwa kuti, "Vila, vila, kuno Majaua, esikuto!" Esikuto ndi Chipwitikizi, kutanthauza kuti ndamaliza, ndikumvetsera. Ankamvetseradi, ife n'kumayankha mpaka kukhosi kuuma, koma mawu athu ankafera m'njira.

Wina anganene kuti bola munkawamva. Ayi ndithu. Galimoto ya chipatala inali imodzi, milatho inali yothyoka, ndipo misewu ina inali isanachotsedwe mabomba okwirira. Azamba akakhala ndi wodwala ankayenera kumva ngati galimoto ikubwera, ndiponso kuti akakumane nayo pamtsinje uti. Mayi wina anamunyamula pamachira n'kudzera njira yachidule, galimoto n'kudzera ina, n'kusemphana. Mayiyo anapulumuka, koma mwana ayi.

Tsono mkazi wanga anali komweko ku Majaua, kwa amayi ake, ali ndi pakati. Mwana wathu woyamba anabadwa movuta kumsasa, ndipo adokotala anachita kumuchenjeza kuti wachiwiri asadzayerekeze kuchirira pakhomo. Ndinamupempha kuti abwere pavila nthawi ikadalipo. Anakana. Anati munda umene anauswa ndi manja ake utasanduka tchire zaka zonse za nkhondo sangausiye asanabzale. Mkazi wanga akakana wakana. Tsiku la sikelo ankabwera papositu n'kulankhula pawailesi, ine n'kumamumva, iye osandimva. Munthu wokonza mawailesi, mkazi wake osamumva pawailesi! Manyazi ake ndinkachita kuyenda nawo.

Mlonda wa kanyumba kapaphiri anali bambo ake, apongozi anga. Ntchitoyo ndinawapezera ndine, poganiza kuti makina ali m'manja mwa wachibale sangabedwe. Anali munthu wachete, waulemu, wosamwa mowa. Chachilendo chawo chinali chimodzi. Kumsasa tikalandira mapoto atsopano, iwo ankawapaka mwaye asanaphikiremo, ndipo njinga yawo anaipaka matope pazitsulo zonse zonyezimira. Anthu ankawaseka, inenso ndinkaseka nawo chamumtima, poti mkamwini saseka apongozi poyera.

Ulendo woyamba ndinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu.

"Mwafika, akamwini?"

"Ndafika, bambo. Kaya mwaswera bwanji kuno?"

Ndinanjuta chapatali, tinapatsana moni wathu wonse, kenako ndinalowa m'kanyumba. Ndinalumikiza mita ya mawati pakati pa ampulifaya ndi chingwe chopita ku eriyo, n'kudina. Singano inakwera mpaka pafupi ndi makumi asanu. Ndinaitana Majaua, azamba n'kuyankha kuti, "Tikukumvani ngati muli pakhonde pano!" Ha! Ndinapukuta molumikizira monse, kumanga zomasuka, n'kutsika phiri ndikuimba mluzu.

Kutacha, asisiteri oyang'anira chipatala anaima pakhomo panga manja ali m'chiuno, n'kunditchula udindo wanga m'Chipwitikizi. "Senyoro tekiniko, Majaua sakutimva."

Ndinakweranso. Ulendo uno ndinati mwina m'chingwe mwalowa madzi, chifukwa chingwe chonyowa chimadya mphamvu mawu asanafike ku eriyo. Ndinakwera mzati, mphepo ikundikankha, n'kumasula polumikizira pamwamba. Madzi munalibe, koma munali nyerere zodzaza tho. Ndinati eya, mfiti zake ndi izi. Ndinazikutumula, kukulunga tepi yatsopano, kuyeza ngati mphamvu ina ikubwerera kuchokera ku eriyo, osapeza. Ndinayeza kamphamvu kamene repetidoro imapereka kwa ampulifaya kuti akakulitse, kanali kokwana. Kafani koziziritsa kankazungulira bwino. Majaua anandimva. Ndinatsika. Sipanapite nthawi, asisiteri pakhomo, manja m'chiuno, mawu omwe aja.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinakamasula ampulifaya yense n'kutsika naye pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Pavila ndinamuika patebulo, kumulumikiza ku batire la lole, kudina. Mawati makumi asanu, osachotsera. Ndinati mwina amafooka akatentha, ndiye ndinadina nthawi yaitali mpaka chitsulo chake chakumbuyo chinayamba kuotcha chala. Singano sinagwedezeke. Ndinamutsegula, kuyang'ana mowotcherera monse, kununkhiza ngati muli chopserera, kugogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Palibe. Ndinayamba kumulankhula ngati munthu. "Iwe kabokosi iwe, ukundichititsa manyazi dala eti? Ndikakhalapo ugwira ntchito, ndikangotembenuka ugona?"

Dalaivala wa galimoto ya chipatala, amene pakamwa pake sipankauma, anandipeza ndikukangana ndi bokosi. "Achimwene, makinawa amakukondani. Tengani bulangeti mukagone nawo komweko." Zoseketsa panalibe, mimba ya mkazi wanga inkakula tsiku ndi tsiku.

Pobweza ampulifaya ndinalawirira, n'kufika pamwamba dzuwa lisanafike pamasola. Ndinalumikiza, kudina, singano n'kungodzuka pang'ono n'kuima pansi pa khumi. Kwa nthawi yoyamba matenda ndinawapeza ali pamphasa. Ndinaika mita pamabatire. Ndisanadine ankaoneka ngati ali bwinoko, koma ndikangodina magetsi ankagwa ngati munthu wokomoka. Ampulifaya sankadwala ayi, anali ndi njala. Maulendo ena aja ndinkafika masana, dzuwa likuthira magetsi mwachindunji, n'chifukwa chake zonse zinkaoneka zabwino.

Koma njala yake yochokera kuti? Unali mwezi wa dzuwa loswa mtengo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Masola anali oyera mbee, opukutidwa bwino. Ndinadikira mpaka masana n'kuwayeza, ankapereka magetsi ochuluka. Kabokosi koyang'anira kadzazidwe ka mabatire kanalinso bwino. Ndinati basi mabatirewa atopa. Ndinakachonderera asisiteri, anandibwereka ena awiri, tinakwera nawo phiri ndi anthu awiri onyamula, msana wanga mpaka lero umakumbukira. Majaua anatimva kwa masiku angapo. Kenako zii.

Asa! Ndinatsala pang'ono kuponya mita m'chitsime. Mabatire abwino, masola abwino, dzuwa lambiri, magetsi osaoneka. Panatsala ganizo limodzi, ganizo loipa: pali amene akuba magetsi. Mwina apongozi amalumikizako wailesi yomvera nyimbo, mwina amadzazira anthu mabatire. Koma mwati ndikanafunsa bwanji? Mkamwini n'kuima pamaso pa apongozi n'kunena kuti bambo, kodi mukuba? M'kanyumba kawo kogona sindikanalowamo ngakhale kusuzumira. Ndinazungulira nkhani ngati galu wofuna pogona.

"Kodi bambo, kuno alendo safikafika?"

"Anyani okha, akamwini."

"Nanga madzulo simusungulumwa, popanda ndi kawailesi komwe?"

"Ndinazolowera chete."

Ndinafufuza mawaya onse kufuna pamene pasendedwa, osapeza. Ndinatsika phiri ndikudzitukwana. Pavila ena anayamba kunena kuti mizimu yapaphiri sinapemphedwe. Ine ndine Mkatolika, koma ndikanauzidwa kuti nkhuku yoyera ibweza mawati anga, ndikanakaigula tsiku lomwelo.

Chimene chinanditsegula maso si mita ayi, koma kutopa. Tsiku lina ndikukweranso, ndinakhala pamwala wapakamtsinje, pamene njira imatulukira poyera, kuti ndipume. Ndinayang'ana kumtunda ndi mkwiyo, pamene pali kanyumba kaja. Panali bii, mitengo ndi miyala basi. Ndikuyang'anabe choncho, mwadzidzidzi ng'ani! Kuwala ngati wina watembenuza galasi. Ndinaimirira. Masola ndi galasi, dzuwa likawomba ayenera kunyezimira tsiku lililonse. Nanga bwanji ndinali ndisanaonepo kunyezimira kumeneko ndili pavila? Nanga bwanji kwayamba pompano, ine nditangotulukira poonekera?

Sindinapitirire. Ndinabwerera, ndipo mawa lake ndinadzera kuseri, njira ya otola nkhuni yodutsa m'minda ya tiyi imene inasanduka nkhalango. Minga inandikwapula, buluku linang'ambika pabondo. Ndinatulukira kumbuyo kwa kanyumba dzuwa lili pamutu.

Masola onse anali ofunditsidwa mphasa. Pamwamba pa mphasayo panali nthambi zamasamba, m'makona muli miyala yopsinjira kuti mphepo isachotse. Ntchito yosamala, yochitidwa ndi munthu wodziwa kubisa. Apongozi anali pamthunzi chapafupi akusema mpini.

Mayo ine! Maulendo onse aja, mzati uja, mabatire aja, msana wanga! Akanakhala mlonda wamba, phiri lonse likanamva mawu anga mpaka ku Mongue, popanda ndi wailesi yomwe. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinanjuta pamalo anga a masiku onse n'kupereka moni. Iwo anayankha moni wonse, osafulumira, mpeni uli m'manja.

"Lero mwadzera kuseri, akamwini."

"Ndadzera kuseri, bambo." Ndinaloza mphasa ija. "Kodi masolawa akumva kuzizira?"

"Amawala," anatero. "Kuwala kwake kumaonekera mpaka ku Muloza. Chowala chimaitana."

"Nanga ine ndikamabwera?"

"Ndikakuonani pakamtsinje ndimavundukula, ndipukute bwino, kuti ntchito yanu iyende. Sindingafune mkamwini wanga achite manyazi."

Kuti ndisachite manyazi! Ndinaluma mlomo mpaka kumva mchere. Amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma ine ndinakwata kwa anthu oopa kung'anima kwenikweniko.

"Bambo, nkhondo inatha. Anasainirana."

"Anasainirana ndi anthu. Ndege sizinasaine."

Apo mkwiyo wanga unasowa popondera, chifukwa nkhani yake ndinkaidziwa. Mkazi wanga anandiuza kamodzi kokha kumsasa, osabwerezanso. Asanathawe, apongoziwa anagula chidebe chatsopano chamalata. Chinatsukidwa n'kuvundikidwa pathandala, dzuwa likuwomba. Ndege inadutsa, inabwerera, n'kuwombera pamudzi. Mwana wawo wachisamba, mlongo wake wa mkazi wanga, anali pabwalo, ndipo anafera pomwepo. Ngati woyendetsa ndegeyo anaonadi chidebe, palibe akudziwa. Koma apongozi anadziwa, ndipo kuchokera tsiku limenelo chilichonse chowala ankachipaka mwaye. Ine ndinawatenga munthu ameneyo n'kukawaika kuti azilondera magalasi pamwamba pa phiri.

Ndinayesa kufotokoza kuti masola amadya dzuwa, mabatire amadya kwa masola, ampulifaya amadya kwa mabatire. Ankangogwedeza mutu mwaulemu, kugwedeza kwa munthu amene akudikira kuti utsike phiri abwezeretse mphasa yake. Ndinaona kuti ndikuthira madzi pamsana pa bakha.

Mwamwayi linali tsiku la sikelo. M'kanyumba muja sipika inakhosomola, azamba n'kuyamba kuitana vila. Kenako anati, "Mayi a kwa tekiniko ali pano, miyendo yatupa, akufuna alankhule." Ndinamva mawu a mkazi wanga, otopa komanso aukali. "Kaya mukundimva kaya simukundimva, ine ndabzala, ndamaliza. Koma mwanayu watsika. Mundiuze chochita. Esikuto."

Ndinatenga cholankhulira n'kuwapatsira apongozi ndi manja awiri. "Yankhani, bambo. Ndi mwana wanu. Mudine apa."

Anachigwira ngati dzira. "Mwanawe, ndine bambo ako. Ndili kuno kuphiri."

Chete. Kenako mkazi wanga: "Vila? Vila? Aaa, mayi, palibe. Tiyeni tizipita, anthuwa anatitaya."

"Mwanawe!" Apongozi anakuwa, munthu amene ndinali ndisanamvepo akukweza mawu. "Ndine! Sitinakutaye!" Anabwereza m'Chilomwe, ngati kuti chinenero ndicho chavuta.

Ndinawalozera singano, ili pansi penipeni. "Mawu anu akuthera pakamtsinje paja, bambo. Kuti akafike ku Majaua, singano iyi ifike apa. Chakudya chake chili pansi pa mphasa."

Anayang'ana singano, anayang'ana sipika. Anaika cholankhulira pansi n'kutuluka. Ine sindinawatsate, ndinangoima pakhomo. Anachotsa miyala umodziumodzi, anachotsa nthambi, n'kukoka mphasa. Kuwala kunawamenya kumaso, ndipo ndinaona mutu wawo ukulowa m'mapewa, maso akuthamangira kumwamba. Anaima pomwepo mphasa ili m'manja.

Tinadikira kuti magetsi akwereko. Nditadina, singano inanyamuka. Azamba anayankha modabwa, n'kutuma munthu kuti athamangire mkazi wanga amene anali atafika kale pamsewu. Atabwera, apongozi analankhulanso, ndipo iye anakuwa kuti, "Bambo! Inu pawailesi?" Anaseka, kenako anayamba kundikalipira ine chifukwa chokhala chete nthawi yonseyi. Ndinalandira, sindinanene za mphasa.

Musaganize kuti ndinatsika phiri mtima uli m'malo. Mantha a zaka zambiri sathera tsiku limodzi. Masana alionse ndinkatuluka pakhomo la chipatala n'kuyang'ana ku Tumbine, kufuna kaja kong'anima. Kankaoneka. Masiku amenewo tindege ta obweretsa mankhwala ndi mbewu tinkadutsadutsa, ndipo ndikangomva kulira kwake ndinkathamangira panja ngati wamisala, kukaona ngati phiri latsinzina. Silinatsinzine.

Ine ndi mkazi wanga tinagwirizana kuti galimoto ikamutenge ikamadzapita ndi mankhwala, koma mwana sanadikire. Matenda ake a uchembere anayamba m'mawa wina mvula yoyamba itagwa. Azamba anaitana, asisiteri anayankha kuti galimoto ikunyamuka, akakumane nayo pamlatho wothyoka, tsidya la kuno. Kuchokera ku Majaua kunamveka kuti, "Tamva, pamlatho wothyoka." Mawu atatu okhawo anandikwanira, ndinakwera nawo galimoto. Tinawapeza pomwepo ndi machira awo. Kuchipatala anachita kumung'amba, monga adokotala akumsasa ananenera, ndipo anatuluka onse awiri amoyo, iye ndi mwana wamkazi.

Nkhani yotere siuzidwa pawailesi kwa apongozi. Ndinakwera ndekha, kudzera njira yapoyera. Masola anali pambalambanda, akunyezimira. Chapambali, kuseri kwa mwala waukulu, panali dzenje latsopano lofika m'chiuno, lokumbidwa mokhota ngati aja tinkabisalamo nthawi ya nkhondo. Pansi pake panali posalala, poonetsa kuti munthu amakhalamo kawirikawiri.

Ndinanjuta, tinapatsana moni, ndinawauza. Anawomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pansi, kwa nthawi yaitali. Pamene ndinkadzuka ndi pamene ndinaona mulu wa tizidutswa ta bango pafupi ndi khomo lawo. Inali mphasa ija, yoduladula ndi chikwanje, chidutswa chachikulu osaposa chikhatho.

"Nanga mphasayi, bambo?"

"Tsiku lina kunadutsa ndege chapansipansi," anatero. "Ndinangozindikira ndili pamasola, mphasa ili m'manja, osadziwa kuti ndafikapo bwanji. Ndiye ndinaidula, manja angawa angandipusitse."

"Tsono mukugona pa chiyani?"

"Pansi."

Ndinati ndikatsika ndikawagulira ina pamsika, yabwino, yochokera ku Mongue. Anapukusa mutu.

"Ayi, akamwini. Kuno musabweretse mphasa."